Tinakangana za tsiku, osafunsa za mwini cipata

Mwezi watha, poyendera odwala ndi okalamba a m'miphakati yathu muno mu Bauleni, ndinalowa m'nyumba ya ambuya ena amasiye amene akulera adzukulu anai. Pakona panali TV ija ya msana waukulu, yofundikidwa kansalu koluka, pamwamba pake pali kabotolo ka maluwa a pulasitiki ndi cithunzi ca malemu amuna awo. Nditafunsa ngati inafa, ambuyawo anaseka nati: “Siinafe iyi, aphunzitsi, inangosanduka tebulo. Cinafa ndi thumba langa.”

TV imeneyi ndimaidziwa bwino. Usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 ndinali mmodzi wa anthu amene anadzaza pakhomo pomwepo, ana pa mphasa, akulu pa mipando ndi pa mabuloko, pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenati ku Libreville. Mpira usanayambe mnyamata wina anakwera pa denga kukazunguza nsungwi ya eriyo, ife pansi tikumukuwira kuti, “Pomwepo! Usasunthenso!” Cithunzi cinali ndi mpunga wambiri, koma Sunzu tinamuona akumenya mpira womaliza. Pakhomopo panalibe amene analipira kuti apenyerere, kupatulapo kamsonkho ka TV kamene kanali kulowa m'bilu ya malaiti.

Mu Okutobala 2017 TV ija inasiya kuonetsa. Mwana wawo anawagulira dikoda, ndipo anailipirira miyezi ingapo pamene anali pa nchito ya ulonda ku mayadi. Nchito itatha, kulipira kunathanso, ndipo pa galasi panayamba kubwera mau a Cingelezi amene ambuya sangawerenge. Patapita nthawi kabokosiko kanangosiya kuyaka, ndipo lero kali mu sutikesi pansi pa bedi. Mdzukulu wawo wamng'ono sanaonepo TV imeneyi ikugwira nchito.

Ndakufotokozerani izi, okondedwa awerengi, cifukwa ine ndinali mmodzi wa amene anakuwa kwambiri masiku amenewo kuti boma likankhire patsogolo tsiku lozimitsa TV yakale. Ndinakamba pa misonkhano ya parishi, ndinakamba m'minibasi, ndinatopetsa nazo ngakhale akazi anga. Lero ndaona kuti ndinali kupempha cinthu cosakwanira. Ku seminale yaing'ono anatiphunzitsa kuti usanathamangire kuyankha funso, uyambe waona ngati lafunsidwa bwino. Ife tonse, ofuna kucedwetsa ndi ofuna kufulumira, tinali kufunsa kuti “liti?” Mafunso enieni anali akuti: ndani adzatsala mu mdima tsikulo likafika, ndipo ndani adzakhala ndi kiyi wa cipata cimene zithunzi zonse zidzayamba kudzerapo?

Tiyeni tikumbutsane mmene zinayendera, pakuti acinyamata ambiri aganiza kuti TV inabadwa ndi dikoda. Kuno kwathu TV inayambira ku Kitwe mu 1961, dziko lisanalandire ufulu, ndipo kwa zaka zoposa 50 inali kuuluka m'njira imene akatswiri amaicha analogi. Mu 2006, pa msonkhano wa bungwe la ITU ku Geneva, maiko a mu Africa, Ulaya ndi ena anapangana kuti pofika pa 17 Juni 2015 akhale atasamukira ku njira ya dijito. Maiko a SADC anadziikira tsiku lawo lapafupi, kumapeto kwa 2013, ndipo ambiri, ife pamodzi, sanalikwanitse. Ndondomeko ya boma yoyendetsera nchitoyi inatuluka mu 2014. Mu Juni 2015 gawo loyamba linayatsidwa m'matauni a m'mbali mwa njanji, kucokera ku Livingstone kufika ku Chililabombwe, koma TV yakale inasiyidwa ikuuluka pambali pake. Inadzazimitsidwa m'mbali mwa njanjimo pa 1 Okutobala 2017. Ndiye kuti kucedwa kumene tinali kulirira tinakupatsidwa ndithu, zaka ziwiri ndi miyezi itatu kupyola tsiku la ku Geneva.

Amene anali kufuna kufulumira sanali opusa, ndipo ndiyenera kuwacitira cilungamo. Mumlengalenga muli ngati msewu wa malire. M'njira yakale chanelo ciliconse cinali kutenga msewu wake wonse, monga munthu mmodzi kukwera yekha basi yonse ya ku Chipata. M'njira ya dijito, imene kuno ndi mtundu wochedwa DVB-T2, zithunzi amazipanikiza kotero kuti msewu umodzi womwewo unyamula machanelo ofika ngakhale 20. Misewu yotsala imapita ku makampani a mafoni ndi intaneti. Kuonjezera apo, kuyendetsa makina akale ndi atsopano nthawi imodzi ndi kudyetsa ng'ombe ziwiri pamene yolima ndi imodzi: malaiti kawiri, okonza kawiri, ndipo zitsulo za makina akale zinali kusowa. Cinanso n'cakuti pambuyo pa 17 Juni 2015 pangano silinali kutetezanso TV ya analogi ngati mafunde a dziko loyandikana nalo aisokoneza, ndipo ife tazunguliridwa ndi maiko 8. Zonsezi ndi zoona.

Koma pali kanthu kena ka njira ya dijito kamene sanatiuze momveka, ndipo alimi ndiwo anakadziwa msanga. TV yakale inali ndi cifundo. Ukakhala kutali ndi mlongoti, cithunzi cinali kubwera ndi mpunga, nkhope zosaoneka bwino, koma mau unali kumva ndipo nyuzi unali kutsatira. Ya dijito ilibe zapakati. Ikagwira imaonetsa bwino koposa, ikalephera pang'ono cithunzi cimaduka-duka n'kuzimiratu. Ife a mu Bauleni tili pafupi ndi makina a ZNBC a ku Twin Palm, ndiye vuto limeneli silinatikhudze kwambiri. Koma funsani wa ku Shantumbu amene nyumba yake ili kuseri kwa phiri, amene kale anali kupenyerera Lima Time ndi batire ya galimoto ndi eriyo ya pa mlongoti wa bulugamu. Kwa iye kusamuka kunatanthauza dikoda, eriyo ina, mwinanso mbale ya pa denga, ndipo kabokosi nakonso kafuna moto wa batire yomweyo.

Mkangano wa kucedwetsa si wa kuno kokha. Ngakhale dziko la America, ndi cuma cake conse, linasuntha tsiku. Anali atakonza kuzimitsa pa 17 Febuluwale 2009. Boma lawo linali kupereka makuponi a madola 40, awiri pa banja, ogulira kabokosi. Inu a msinkhu wanga mukumbukira makuponi a unga a nthawi ya a Kaunda, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira. Kuciyambi kwa caka cimeneco ndalama za makuponi zinatha, anthu mamiliyoni ali pa mndandanda woyembekezera. Aphungu awo anakankhira tsiku ku 12 Juni 2009, naonjezera ndalama za makuponi. Anacedwa miyezi inai cabe, koma miyezi imeneyo inali ndi nchito yake yodziwika, ya kufikitsa kabokosi kwa munthu amene dzina lake linali kale pa pepala.

Ku South Africa nkhaniyi yakokeka ngati mlandu wa malire a munda. Tsiku lawo loyamba linali mu Novembala 2011. Boma linalonjeza tumabokosi twaulere kwa mabanja olandira ndalama zosapitirira R3,500 pa mwezi, malinga alembetse. Mu Juni 2022 khoti lawo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linakana tsiku limene nduna inaika, kampani ya e.tv ndi mabungwe ena atadandaula. Oweruza anapeza kuti nduna siinafunse mokwanira anthu okhudzidwa, ndiponso kuti osauka sanapatsidwe cenjezo lokwanira kuti alembetse. Mu Marichi 2025 khoti la ku Pretoria linaimitsanso tsiku lina, la pa 31 mwezi womwewo. Sindikutamanda kucedwa kwa zaka zoposa khumi, pakuti nakonso ndi kulephera, ndipo kwadya ndalama zambiri. Cimene ndikusirira n'cakuti kumeneko woweruza anafunsa funso limene kuno sitinalifunse mwamphamvu: kodi mwawerenga anthu amene mudzawasiya kunja?

Nanga ife zaka zathu ziwiri ndi miyezi itatu tinacita nazo ciani? Zilengezo zinalipo pa wailesi ndi pa TV, sindikana. Koma muno m'komboni sindinaone munthu akuyenda khomo ndi khomo ndi buku kulemba kuti nyumba iyi ili ndi TV yakale, mwini wake ndi wamasiye, sangakwanitse. Ndipo pano ndidziloze cala ndekha. Ife a mpingo tili ndi maina a mabanja a m'miphakati yonse. Tidziwa nyumba imene agona ndi njala, tidziwa imene muli wodwala wa nthawi yaitali. Tikanatha kuwerenga nyumbazo pa masabata awiri ndi kupereka ciwerengero kwa khansala ndi kwa phungu. Sitinacite. Tinangoti “asunthe tsiku,” tsiku linasunthika, ife n'kubwerera kukagona. Pamene Okutobala 2017 anafika, osauka anali osauka cimodzimodzi monga analili mu Juni 2015.

Mwina wina anganene kuti a katekisiti akulira cinthu cacabecabe, TV si nsima. Ndimuyankhe ndi masiku a pa kalendala. TV yakale inazima pa 1 Okutobala 2017. Pa 6 mwezi womwewo Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mu Lusaka mwagwa kolera, imene inayambira ku komboni ya Chipata n'kufalikira ku Kanyama ndi kwina. Pofika Januwale 2018 masukulu anacedwa kutsegulidwa, misonkhano inaletsedwa m'madera okhudzidwa, ngakhale mapemphero anacepetsedwa, asilikali anali m'misewu kuyeretsa tauni, ndipo bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Sindikunena kuti kuzimitsa TV ndiko kunabweretsa matenda, ayi, kolera ndi nkhani ya madzi ndi zimbudzi. Ndikunena kuti pa nthawi imene boma linafunitsitsa kulankhula ndi munthu wa m'komboni, kumuonetsa ndi maso mmene angathirire kolorini m'madzi ndi mmene angasungunulire mankhwala a mcere ndi shuga, zenera lina lolowera m'nyumba za osauka linali litangotsekedwa kumene.

Zinabwerezanso mu 2020. Masukulu atatsekedwa mu Marichi cifukwa ca Covid-19, boma linaika maphunziro a ana pa TV, pa chanelo ca ZNBC TV4. Ganizo linali labwino, ndipo m'njira yakale malo a chanelo cotere sakanapezeka mosavuta. Koma mwana wa m'nyumba yopanda dikoda anamva cabe kuti anzake akuphunzira. Ndi mmenenso zinalili ndi Misa ya pa TV pamene machalichi anatsekedwa. Okalamba amene anali kuifuna koposa ndiwo ambiri analibe poionera.

Tsopano ndifike pa cipata. Kale nyumba ya TV iliyonse inali ndi makina ake oulutsira. ZNBC inali ndi ake, Muvi TV inali ndi ake. M'njira ya dijito, nyumba za TV zimakonza mapulogalamu, koma kuwaulutsa pa milongoti ndi nchito ya wonyamula wina amene amasonkhanitsa onse. Kuno nchito yomanga milongoti ndi zina za gawo laciwiri ndi lacitatu inali ya madola 273 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali nkhongole ya ku banki ya Exim ya ku China. Panakhazikitsidwa kampani ya TopStar, mmene StarTimes ya ku China inatenga magawo 60 pa 100 ndipo ZNBC inatenga 40, ndi colinga cakuti ndalama zolowa zithandize kubweza nkhongoleyo. Kampani yomweyo inakhala yonyamula siginolo ya anzake komanso yogulitsa machanelo kwa ife pamwezi. Eni nyumba za TV zosakhala za boma anadandaula za ici kuyambira paciyambi, ndiponso za ndalama zimene anali kulipitsidwa kuti anyamulidwe.

Mlimi aliyense amvetsa vuto limeneli popanda kupita ku yunivesiti. Ngati m'mudzi muli cigayo cimodzi, ndipo mwini cigayo agulitsanso unga wake, ndiye kuti cimanga cako cigayidwa pa nthawi imene iye wafuna ndi pa mtengo umene iye wanena. Sindikuti mwini cigayo ndi woipa mtima. Ndikuti munthu wanzeru salola kuti zinthu zikhale conco, ngakhale mwini cigayo akhale mlamu wake. Ndipo ngati cigayoco cinagulidwa pa nkhongole, mwini wake sangakondwere ndi anthu obwera kudzagayitsa ulere.

Anzathu a ku Kenya anauona msanga msampha umenewu. Mkangano wawo unali wa tsiku pakamwa pokha, pansi pake unali wa amene adzanyamula siginolo. Mu Febuluwale 2015 nyumba zazikulu za TV, NTV, KTN ndi Citizen, zinakhala zosaoneka kwa masabata pafupifupi atatu pokangana ndi boma pa nkhani yomweyi. Kuno tinadzaona tanthauzo lake mu 2020. Mu Marichi caka cimeneco, boma litalengeza kuti laleka kugwirizana ndi Prime TV, TopStar inacotsa chaneloco pa dikoda yake. Mu Epulo bungwe la IBA linalanda laisensi yake, ndipo inadzabwezedwa mu Ogasiti 2021, masankho atapita. Kaya munali kuikonda Prime TV kapena munali kuida, zimenezo ndi zanu, ine sindilemba za zipani. Cimene ndikuonetsa n'cakuti chanelo cingazime m'nyumba zambiri tsiku limodzi popanda wapolisi kupita kukakhoma citseko. Lero ndi chanelo ca ndale, mawa cingakhale ca mpingo wanu kapena ca alimi odandaula za mtengo wa cimanga. Safunsa anadya phula, ndipo ife pa nkhani ya cipata sitinafunse.

Palinso kamsonkho kaja. Kale kanali K3,000, kamene kanasanduka K3 ndalama zitasinthidwa mu 2013, ndipo kanali kutoleredwa pa bilu ya ZESCO. Mu 2018 kanakwera kufika K5 ndipo kanayamba kutoleredwa pamodzi ndi malipiro a pamwezi a dikoda. Kunena zoona, mbali ina kusintha kumeneku kunali kwacilungamo, pakuti kale ngakhale wopanda TV anali kulipira malinga ali ndi mita ya malaiti. Koma taonani cimene kunabala. Wonyamula siginolo apindula munthu akalipira pamwezi. Wogulitsa machanelo apindula munthu akalipira pamwezi. Wailesi ya dziko nayonso inayamba kulandira msonkho wake munthu akalipira pamwezi. Nanga pa tebulo limeneli ndani atsala wolankhulira ambuya aja amene salipira? TV imene inali ngati citsime ca mudzi inasanduka ngati madzi a pa kiyosiki, otunga ndi ndalama m'manja. Pa pepala pali machanelo ochedwa aulere, koma yendani muno mu Bauleni mufunse anthu khumi kuti aulerewo ndi ati, ndipo awapeza bwanji mwezi ukatha osalipira. Mudzamva mayankho khumi osiyana.

Zabwino zilipo, ndipo wokana zimenezi ndi wabodza. Cithunzi ndi coyera. Machanelo a kuno kwathu acuruka, ndipo mipingo yapeza malo, kuphatikizapo Lumen TV ya mabishopu athu. Madera akutali amene kale sanali kugwira kanthu analandira milongoti. Pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2015 mtsogoleri wa China, Xi Jinping, analonjeza TV ya setilaiti ku midzi 10,000 ya mu Africa, ndipo Zambia inapatsidwa midzi 500. Ndikondwera nawo a m'midzi imeneyo. Koma komboni ngati yathu imagwa pakati. Si mudzi kuti ilandire mphatso ya kumudzi, si mayadi a ku Kabulonga kumene malipiro a pamwezi ndi ndalama ya buledi. Walira mvula walira matope, ndivomera, koma matope onse asamagwere pakhomo pa munthu mmodzi.

Nkhongole nayo tisaiiwale, pakuti ngakhale amene TV yake inasanduka tebulo ali nayo mbali. Mu Novembala 2020 dziko lathu linalephera kulipira ciwongoladzanja ca nkhongole zake zina za kunja, ndipo panapita zaka tikukambirana ndi otikongoza. Nkhongole ya TV ndi kadontho cabe m'mtsuko umenewo, koma ndi kadontho kamene tinathira tokha, ndipo ambuya amalipirako nthawi iliyonse agula sopo kapena mafuta ophikira. Kulipirira milongoti imene siikufika m'nyumba mwako ndi cinthu cowawa.

Wina adzati zonsezi zinapita, lero anthu aonera pa foni. Ena inde. Koma bandulo ya intaneti ndi renti inanso, ndipo imatha msanga kuposa ya dikoda. Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri. Cilala citalengezedwa kukhala tsoka la dziko mu Febuluwale, madzi a ku Kariba anatsika ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Dikoda inakhala cete, foni yaikulu inafa batire dzuwa lisanalowe. Cimene cinatsala cikulankhula m'nyumba zambiri ndi m'minda ndi kawailesi ka mabatire kapena ka sola, ndi kafoni ka mabatani kamene moto wake ukhala masiku atatu. Za mvula, za mbeu zopirira cilala, za cimanga ca cithandizo, ambiri anazimva pa FM, m'cinenero cawo, kwaulere.

N'cifukwa cake nkhaniyi siinathe. Kusamuka kwina kudzabwera. Dziko la Norway linazimitsa FM ya mawailesi ake a dziko lonse mu 2017 n'kupita ku wailesi ya dijito. Ku South Africa akhala akukambirana zozimitsa mafunde a 2G ndi 3G, amene tumafoni twa mabatani tumadalira. Tsiku lina nduna ina idzaima pano kutiuza kuti maiko anapangana, tsiku ndi lakuti. Kafoni kameneko ndiko mlimi alandirirapo uthenga wa fetereza wa FISP, ndiko mwana wa ku tauni atumizirapo ndalama kwa amai ake ku Katete. Tsiku limenelo tisadzataye mphamvu pa kukuwa kuti “sunthani,” monga ndinacitira ine. Tidzafunse kuti nyumba zimene zidzatsala ndi zingati, anaziwerenga ndani, mndandanda uli kuti, ndipo wosauka adzapatsidwa ciani m'manja tsikulo lisanafike. Ngati mayankho alipo, ngakhale tsiku likhale la mawa, palibe cifukwa colimbana nalo. Ngati palibe, ngakhale atipatse zaka zisanu, tidzafika pa tsikulo tili cimodzimodzi.

Pa TV imene tili nayo kale, pempho langa kwa a IBA ndi laling'ono ndipo silifuna nkhongole. Atiuze poyera, m'zinenero zonse 7 zimene ZNBC iulutsiramo, maina a machanelo amene munthu ayenera kuona ngakhale sanalipire mwezi umenewo, pa dikoda ya kampani iliyonse. Mndandanda umenewo ukhomedwe pa malo onse ogulitsira madikoda, uwerengedwe pa wailesi, ndipo pakhale nambala ya foni yaulere yoimbira ngati machanelowo atsekedwa. Kwa aphungu athu, funso la cigayo likali pomwepo: kodi ndi bwino kuti wonyamula siginolo ya onse akhalenso wogulitsa wopikisana nawo? Ndipo ngati boma limatha kudziwa mabanja osauka kuti liwapatse ndalama za Social Cash Transfer, silingalephere kudziwa mabanja omwewo kuti liwapatse kabokosi koonetsa machanelo aulere, kogula kamodzi kokha.

Ife a m'miphakati tiyambe ndi cimene tinalephera kucita mu 2015. Ndakambirana ndi atsogoleri a miphakati ya mbali yathu, ndipo tagwirizana kuti poyendera mabanja mwezi uno tidzafunsanso mafunso atatu: kodi m'nyumba muli TV yogwira nchito, kodi muli wailesi, ndipo uthenga wa boma wa matenda kapena wa ulimi mumaumva kudzera kuti? Sitidzalemba maina pa pepala lopita kunja, ciwerengero cokha. Inu a kumafamu ndi a m'masiteshoni a kunja kwa tauni, citani cimodzimodzi pa misonkhano ya makopaletivu anu, ndipo muonjezere funso la ngati siginolo imafika. Zikasonkhana tidzazipereka kwa khansala, kwa phungu ndi ku ofesi ya IBA, ndipo ndidzapempha akonzi a tsamba lino kuti atipatse malo tizisindikize.

Za ambuya aja, acinyamata a kwaya amva nkhaniyi ndipo asonkha zogulira dikoda ina. Ndawauza kuti asagule msanga. Ayambe apita kwa wogulitsa ndi pepala ndi bolopeni, akafunse kuti mwezi ukatha osalipira patsala machanelo ati, awalembe maina, ndipo wogulitsayo asaine pansi pake.

Katekisiti,
Bauleni, Lusaka